Tisanazule Matabwa a Pansi M'nyumba ya Makolo: Zikhulupiriro ndi Zoona

Ambirife tinakulira pansi pozira ndi dothi kapena pa simenti wofiira wopukutidwa ndi polishi wa Cobra. Kasamalidwe ka pansi potere timakadziwa bwino, ndipo palibe angatiphunzitse. Koma m'nyumba zambiri zakale za ku Zomba, za m'madera a Mandala, Sunnyside ndi Namiwawa ku Blantyre, za ku mamishoni ndi za m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, pansi pake ndi pa matabwa. Mwina ndi matabwa aatali okhomedwa pa mitanda, pansi pake pali mpata. Mwina ndi timatabwa tating'ono ta parquet tomatidwa pa simenti ndi phula lakuda, tija abale athu a ku Lusaka, Ndola, Harare, Bulawayo ndi Johannesburg amatidziwanso. Nyumba zoterezi zambiri tsopano zili m'manja mwa mabanja athu. Tsiku limafika loti ana akumane pabalaza, ayang'ane pansi pothimbirira, wina n'kunena kuti: "Tizule zonsezi, tiike matailosi."

Maganizo amene timabwera nawo pa tsiku limenelo si opanda pake. Ndi nzeru ya pansi pa dothi ndi simenti, yomwe taisamutsira pa chinthu cha khalidwe lina. Thabwa, ngakhale linachekedwa zaka 70 zapitazo, limamwabe madzi a mumpweya ndi kuwalavula, limafufuma ndi kunyala. Zolakwa zathu zambiri zimachokera poiwala zimenezi.

"Matabwa akada ndi kukandikakandika, ndiye kuti atha"

Chimene chimada ndi vanishi, polishi wounjikana wa zaka zambiri ndi litsiro. Thabwa lenilenilo lili pansi pake. Matabwa olumana a pansi kawirikawiri amakhala ochindikala mamilimita 18 mpaka 22, ndipo pamwamba pa molumanamo pali mamilimita pafupifupi 6 oti angathe kupalidwa. Mmisiri wodziwa makina opalira amachotsa pafupifupi milimita imodzi pa ulendo umodzi. Choncho pansi pamodzi pomwepo pangathe kupalidwa ndi kupakidwanso vanishi maulendo angapo, ndipo pakati pa ulendo ndi ulendo pamapita zaka zambiri.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tisankhe ngodya yobisika kuseri kwa kabati, tipale ndi sandipepa malo aakulu ngati chikhatho, kenaka tidonthezepo madzi pang'ono. Mtundu umene uonekewo ndi umene pansi ponse pangabwerere. Banja limene lazula lisanayese limalipira katatu: wozula, katundu watsopano ndi woika. Ndipo chimene lataya chinali chabwino kuposa chimene lagula.

"Thabwa likamalira tikapondapo, lawola"

Kulira kumabwera chifukwa thabwa likukhuzana ndi msomali womasuka kapena ndi linzake. Kumamveka kwambiri m'chilimwe pamene matabwa anyala. Mankhwala ake ndi kulimanga pa mtanda ndi sikuluu. Thabwa lowola limadziwika ndi zizindikiro zina: limafewa, nsonga ya mpeni imalowa mosavuta, limanunkha chuku, ndipo munthu akapondapo limamira. Vuto la chikhulupiriro ichi lili pawiri. Timazula matabwa abwinobwino chifukwa cha phokoso, ndipo timadalira malo owola chifukwa ali chete, mpaka mwendo wa agogo kapena wa mwana utabowola.

"Kupindika ndi kutukumuka ndi ukalamba, tikaika atsopano vuto latha"

Apa ndi pamene mabanja ambiri amatayira ndalama. Ukalamba supinda thabwa. Chimapinda ndi madzi. Thabwa likanyowa kunsi pamwamba pali pouma, m'mbali mwake mumakwera, pakati n'kukhala ngati lichero. Timatabwa ta parquet tikamwa chinyezi timakankhana, phula limasiya kugwira, ndipo pakati pa chipinda pamatumphuka ngati mzere wa mbatata. Tizilombo towoletsa matabwa sitingagwire ntchito thabwa likakhala louma; timayamba madzi akapitirira magawo 20 pa magawo 100 alionse a kulemera kwa thabwalo, n'kukhala choncho nthawi yaitali.

Funso loyamba lisakhale lakuti "tiika chiyani", koma lakuti "madziwa akuchokera kuti". Malo okayikitsa ndi odziwika: paipi yodontha m'khoma la bafa kapena la khitchini, giza, ngalande yotsekeka kuseri kwa nyumba, madzi a padenga ogwera m'tsinde mwa khoma, bedi la maluwa lothiriridwa tsiku ndi tsiku moyandikana ndi maziko, kapena dothi la panja limene lakwera m'kupita kwa zaka mpaka kufanana ndi pansi pa m'nyumba. Nyumba zina zakale zinamangidwa popanda pulasitiki wotchinga chinyezi pansi pa simenti, moti dzinja lililonse madzi a m'nthaka amakwera okha.

Ndinaona zimenezi m'nyumba ya achibale anga. Anazula parquet yotumphuka pabalaza, naika matabwa atsopano mwezi wa Seputembala. Pofika Febuluwale pansi panali patatumphukanso pamalo omwewo. Chinali chitoliro cha madzi otuluka m'bafa chimene chinasweka pansi pa khonde, ndipo palibe anachifufuza. Kukonza chitolirocho kunali kotchipa kuyerekeza ndi matabwa aja, akale ndi atsopano, amene onse anatayika.

Palinso cholakwa china cha changu. Pansi pakapindika chifukwa cha madzi, monga zinachitikira m'nyumba zambiri za ku Blantyre pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, timafuna kupala msanga kuti pasalale. Tikapala thabwa lidakali lonyowa timadya m'mbali mwake mokweramo. Likadzauma n'kubwerera, m'mbalimo mumatsika, pakati n'kutsala chotumbuka, ndipo chilema chimenechi n'chokhalitsa. Matabwa onyowa amafuna masabata, nthawi zina miyezi, mazenera ali otsegula, makapeti atachotsedwa. Ambiri amabwerera okha pafupi ndi mmene analili.

"Pansi paukhondo ndi pokolopedwa ndi madzi m'mawa uliwonse"

Pa simenti ndi pa matailosi izi n'zoona, ndipo mayi kapena mtsikana wantchito amene amadzuka ndi ndowa ndi chikolopa akuchita zimene anaphunzitsidwa bwino. Pa matabwa madziwo amalowa m'mipata, n'kukakhala kunsi kumene mphepo sifika. Pakatha zaka zingapo m'mphepete mwa thabwa lililonse mumada, vanishi imasenda, timatabwa timayamba kugwedera. Zokwanira ndi kusesa ndi tsache lofewa, n'kupukuta ndi nsalu yofinyidwa kwambiri, yoti pansi paume m'mphindi zochepa. Tiyi kapena mkodzo wa mwana zipukutidwe nthawi yomweyo.

Polishi nayenso tisamale naye. Pansi popakidwa vanishi sipafuna polishi wa phula. Amapachititsa kuterera, zomwe n'zoopsa kwa okalamba, ndipo vanishi yatsopano siigwira pamwamba pa phula. Pamene tikanangopaka vanishi ina, timakakamizika kupala ponse mpaka pathabwa. Ndi udindo wa mwini nyumba kufotokozera wokolopayo zimenezi mwaulemu, osati kudzamudzudzula pansi patawonongeka kale.

"Timabowo ta m'munsi mwa khoma timangolowetsa makoswe ndi njoka"

Mantha a njoka ndi omveka, ndipo ndi chifukwa chake timabowoti tambiri tinamatidwa ndi simenti. Koma m'nyumba ya matabwa okhomedwa pa mitanda, timabowo timeneti ndi mphuno za pansipo. Nthaka ya kunsi imatulutsa chinyezi chaka chonse, ndipo mphepo yolowa mbali ina n'kutulukira mbali inzake ndi imene imachichotsa. Tikatseka, kapena tikamanga khonde latsopano lotchinga mbali imodzi, mitanda imayamba kuwola mwakachetechete, makamaka nsonga zake zolowa m'khoma. Pamwamba pamaoneka bwino mpaka tsiku limene chipinda chonse chidzatsetsereka. Makoswe ndi njoka tingazitchinge ndi sefa ya waya, mphepo n'kumadutsabe.

"Chiswe mankhwala ake ndi oyilo wakuda wa galimoto"

Oyilo wotha ntchito ndi wosavuta kupeza, ndipo tinaona makolo akupaka mitengo ya khola ndi ya mpanda. M'nyumba yogona anthu sayenera kulowa. Muli zitsulo za poizoni ndi zotsalira za kupsa kwa mafuta zimene zimadziwika kuti zimayambitsa khansa. Amanunkha miyezi yambiri, amawonjezera ngozi ya moto, ndipo thabwa limene wamwa oyilo siligwiranso guluu kapena vanishi. Mwana wokwawa amagwira pansi n'kuika dzanja m'kamwa kambirimbiri pa tsiku.

Komanso oyiloyo safika pamene pali vuto. Chiswe chimene chimadya nyumba zathu chimakhala m'nthaka, nthawi zina patali ndi nyumba, ndipo chimakwera kudzera m'ming'alu ya simenti ndi m'tinjira tadothi timene chimamata pa khoma ndi pa mitanda. Kusintha matabwa odyedwa osatseka njira zimenezi ndi kuchipatsa chakudya chatsopano. Ntchito yeniyeni ndi kuumitsa pansi, kumata ming'alu, kuonetsetsa kuti palibe thabwa lokhudza dothi, kuchotsa zitsa ndi milu ya nkhuni m'mbali mwa khoma, ndi kuitana anthu a chilolezo othira mankhwala ovomerezeka ndi bungwe la Pesticides Control Board. Tikane mankhwala a m'mabotolo opanda dzina ogulitsidwa pamsika. Aldrin ndi dieldrin, amene kale ankathiridwa m'maziko a nyumba, analetsedwa ndi pangano la Stockholm la mu 2001 chifukwa amakhala m'nthaka ndi m'thupi la munthu zaka zambiri.

"Simenti ikatha masiku 28, yauma"

Amisiri omanga akamanena za masiku 28 amanena zoona, koma amanena za kulimba. Kuuma ndi nkhani ina. Muyeso umene oika matabwa amagwiritsa ntchito ndi wakuti simenti yosalazira pansi imauma pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, ndipo ikachindikala kupitirira masentimita 4 kapena 5 liwirolo limachepa kwambiri. M'dzinja zimachedwa kuposa apo. Pamwamba pangaoneke mbuu pamene m'kati muli madzi ambiri.

Njira yoyamba yoyesera aliyense angaithe. Tiyale pepala la pulasitiki lotalika theka la mita mbali zonse, timate m'mbali mwake ndi tepi, tilisiye tsiku lathunthu kapena awiri. Kunsi kwake kukachita thukuta kapena simenti ikada, nthawi sinakwane. Pulasitikiyo akatuluka wouma si umboni wotsiriza. Mmisiri wabwino amayezanso ndi chipangizo choyezera chinyezi. Ngati tikuthira simenti yatsopano titazula mitanda, pulasitiki wochindikala wa pansi pake asaiwalike. Mtengo wake ndi wochepa, ndipo sangaikidwenso pambuyo.

"Thabwa ndi thabwa: tigule lero, tikhome mawa, tithinitse mpaka kukhoma"

Matabwa ambiri a m'misika yathu amakhala aawisi kapena ouma pamwamba pokha. Mtengo wongodulidwa kumene umasunga madzi ochuluka, nthawi zambiri oposa theka la kulemera kwa thabwa louma. Madziwo akamatuluka thabwa limanyala m'lifupi, m'litali osasintha kwenikweni. Tikakhoma laliwisi, pofika Okutobala timapeza mipata yolowa ndalama yachitsulo, momwe mumabisala fumbi, utitiri ndi nsikidzi. Matabwa ayenera kukhala oumitsidwa, kenaka agone m'chipinda momwe adzaikidwemo sabata imodzi kapena ziwiri, atasanjidwa ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa.

Mbali inayo ndi kufufuma. Mumpweya wouma wa m'chilimwe thabwa limatsala ndi madzi okwana magawo 8 pa 100 kapena kuzungulira apo. Mumpweya wonyowa wa pakati pa dzinja limatha kufika pafupi ndi 16. Tiwerengere: thabwa la masentimita 10 m'lifupi litafufuma ndi milimita imodzi yokha, matabwa 40 a chipinda cha mamita 4 akufuna malo owonjezera a masentimita 4. Mipata ya pakati pawo imameza gawo lina, lotsalalo limakankha khoma. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa amasiya mpata wa mamilimita 10 mpaka 15 kuzungulira chipinda chonse, n'kuuphimba ndi thabwa la m'munsi mwa khoma lija timati skirting. Eni nyumba ambiri akauona mpatawu amaganiza kuti kalipentala walakwitsa muyeso, ndipo amamuuza kuti autseke ndi simenti. Mvula ikabwera matabwa amasowa kolowera, n'kukwera m'mwamba.

"Tikawafuna tidzagula mlombwa wina"

Ichi ndi chikhulupiriro chimene chimandiwawa kuposa zonse. Matabwa a m'nyumba zakalezi anachekedwa ku mitengo ikuluikulu ya m'nkhalango zachilengedwe: mlombwa, mbawa, mkungudza wa ku Mulanje, ndi mukusi wa m'mchenga wa kumadzulo kwa Zambia ndi Zimbabwe, umene sitima ya pa njanji ya Mulobezi inkatutira ku Livingstone. Anali a mtima wa mtengo, gawo lofiira la m'kati limene chiswe ndi kuwola sizilowa msanga. Mlombwa umadziwikanso chifukwa sufufuma kapena kunyala kwambiri, khalidwe lofunika pa matabwa a pansi.

Mitengo yotere yatha m'madera ambiri. Mkungudza, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, unadulidwa mpaka kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo yokhwima 7 yokha pa phiri lonse la Mulanje. Mu 2019 dziko la Malawi linapempha kuti mkungudza ndi mukula zilembedwe pa mndandanda wa pangano la CITES loyang'anira malonda a zachilengedwe zomwe zili pangozi, ndipo zinalembedwa. Mu 2022 mlombwa ndi mbawa zinalowanso. Mlombwa umene tingaupeze lero kawirikawiri ndi wa mitengo yaing'ono, wokhala ndi gawo loyera la kunja lambiri, lomwe tizilombo tofumbula timalidya mpaka kusanduka ufa. Wambiri umachekedwanso popanda chilolezo cha nthambi ya za nkhalango. Paini wa ku Chikangawa alipo, koma ndi wofewa, chidendene cha nsapato ndi mwendo wa sofa zimasiya mabala, ndipo chiswe chimamudya ngati sanathiridwe mankhwala.

Nthawi zambiri gawo lowonongeka ndi laling'ono: pakhomo, pansi pa zenera, pafupi ndi bafa. Timatabwa ta parquet tingamatulidwe kamodzikamodzi, kupalidwa phula, n'kumatidwanso. Ngati tasankha kuika matailosi kukhitchini, kumene madzi amatayika tsiku lililonse, n'chisankho chanzeru, ndipo matabwa ochoka kumeneko ndi amene angakonze pabalaza ndi m'zipinda, chifukwa ndi a mtundu umodzi ndi msinkhu umodzi.

"Laminate ndi matabwa omwewo, koma otchipa"

Laminate ndi ufa wa matabwa wopanikizidwa ndi guluu, pamwamba pake pali chithunzi cha thabwa chokutidwa ndi khungu lolimba. Njirayi inayambira ku Sweden mu 1977. Ili ndi malo ake, koma siingapalidwe, pakuti kupala n'kufufuta chithunzicho. Madzi akalowa molumikizira, m'mphepete mumafufuma ndipo simubwereranso. M'nyumba yokolopa ndi madzi simakhalitsa. Matailosi nawo sayenera kumatidwa pamwamba pa matabwa okhomedwa pa mitanda popanda kulimbitsa kaye, chifukwa matabwa amagwedera pang'ono ndipo tailosi siipindika, imangosweka. Tiganizirenso za agogo amene amayenda opanda nsapato m'chisanu cha Juni ndi Julayi ku Zomba kapena ku Dedza, ndi za kuterera kwa tailosi yonyowa kwa munthu wa mafupa ofooka.

"Fumbi la matabwa ndi fumbi wamba"

Bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa World Health Organization, linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 1995, makamaka khansa ya m'mphuno kwa anthu ogwira ntchito m'fumbilo zaka zambiri. Kwa banja lopala kamodzi, ngozi yapafupi ndi mphumu ndi chifuwa. Ana, amayi oyembekezera ndi odwala mphumu achoke m'nyumba mpaka fumbi litasesedwa ndi fungo la vanishi litatha. Wopalayo avale masiki yoyenera fumbi, osati mpango womanga pamphuno. Ife olemba ntchito ndi amene tiyenera kumugulira, chifukwa mnyamata wa ganyu sangayerekeze kupempha.

Pali zoopsa zina zobisika. Utoto wakale wa pa skirting ndi pa zitseko ungakhale ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa ana ndipo kuwonongekako sikubwerera. Matailosi akale a pulasitiki ndi guluu wakuda wa pansi pake, zomwe timazipeza tikazula pansi pa khitchini kapena mukolido, ena anali ndi asbestos. Britain inaletsa asbestos kotheratu mu 1999, South Africa mu 2008. Ikapalidwa youma imatulutsa tiulusi tosaoneka ndi maso tomwe timakhala m'mapapo, matenda n'kudzaoneka patapita zaka 20 kapena kuposa. Guluu wakuda asapalidwe ndi makina. Ndipo thumba la fumbi la makina opalira, pamodzi ndi nsanza zonyowa ndi mafuta opakira matabwa, zisagone m'nyumba. Zikaunjikana zimatha kudzitenthetsa zokha mpaka kuyaka usiku. Nsanzazo ziyanikidwe panja chotambasula kapena zivikidwe m'madzi.

"Matabwa ozulidwawo ndi nkhuni zabwino"

Makala akwera mtengo, magetsi amazimazima, ndipo mulu wa matabwa ouma kuseri kwa nyumba umakopa aliyense. Timagawira antchito ndi anansi ndi mtima wabwino. Koma timatabwa ta parquet tili ndi phula kunsi ndi vanishi pamwamba, ndipo ena anathiridwa mankhwala a chiswe zaka zambiri zapitazo. Matabwa obiriwira othiridwa mankhwala a CCA, amene nthawi zina amapezeka m'mitanda yosinthidwa pambuyo pake, ali ndi poizoni wa arsenic yemwe amatuluka mu utsi ndi kutsalira m'phulusa. Phulusa limenelo kwathu kuno silitayidwa: timachezera chidulo cha thelere, timatsukira mapoto, timathira kudimba. Utsiwo amaupuma mayi wophika ndi mwana ali kumbuyo.

Matabwa athanzi azulidwe ndi chitsulo chonyamulira pang'onopang'ono, misomali ichotsedwe, asanjidwe pamthunzi pouma, pamwamba pa njerwa, kutali ndi dothi. Akalipentala amawagula kuti apange matebulo, mafelemu ndi mashelefu, ndipo banja lina la nyumba ngati yathu likufunafuna timatabwa 200 tofanana nato kuti likonze pakhomo pawo. Okhawo owola, odyedwa ndi chiswe kapena okayikitsa ndi mankhwala ndi amene apite kudzala la khonsolo, ndipo wowanyamulayo auzidwe momveka kuti si ophikira.